Keke ya njovu yomwe inapirira kutentha kwa kuchigwa

Makolo anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene mukufuna keke ya mwana yooneka ngati nyama, pa Nchalo pali mayi wina amene amaphikira makeke kunyumba kwawo. Ndi amene anatipangira njovu mwana wathu wamkazi atakwanitsa zaka 4. Ndinakhutira nayo kwambiri, ngakhale pali zina zoti akonze.

Njovuyi anasankha yekha mwana. Chipitireni ku Majete ndi abambo ake, nkhani yake ndi ya chitamba basi. Ine nkhawa yanga inali pa nyengo. Tsiku lake lobadwa limakhala mu Okutobala, mwezi womwe kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, pomwe batala amayamba kusungunuka akangofika cha m'ma 32. Keke ya kirimu wa batala ukaitulutsa m'furiji, ana asanamalize n'kuyimba komwe imakhala itayamba kale kuyenderera. Magetsi akazima ndiye zatheratu.

Apa ndi pomwe mayiwa anandigwira mtima. Nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp sanathamangire kuvomera. Anayamba afunsa kuti phwando lidzakhala nthawi yanji, pakhonde kapena m'nyumba, komanso keke idzayenda pa chiyani kuchoka pa Nchalo kudzafika kwathu kuno ku Ngabu. Kenako anandiuza mosapsatira kuti njovu yoimirira ya pachithunzipo imafuna timitengo mkati ndi kirimu wambiri, ndipo pa msewu wathuwu ingafike itagwada. Anati ndi bwino apange nkhope yokha, yogona pathabwa.

Mmene anaipangira n'zosangalatsa. Anaphika makeke awiri ozungulira. Ina inakhala mutu. Inayo anaidula patatu: zidutswa ziwiri za m'mbali zinakhala makutu, cha pakati anachisema mokhota n'kukhala chitamba. Anapaka kirimu pang'ono chabe woti zigwirane, pamwamba n'kuvundikira ndi fondant wotuwa, shuga wokanda ngati mtanda amene amakutira keke komanso kuumbira zokongoletsa. Pachitambapo anajambula timizere ta makwinya ndi msana wa mpeni, mkati mwa makutu muli pinki, minyanga yoyera mbee. Maso sanaike a chokoleti, poti akanasungunuka, anaumbanso a fondant. Agogo ake a mwana anaima n'kuyang'anitsitsa, osakhulupirira kuti chonsecho n'chodyedwa.

Malangizo awo nawo anathandiza. Anatiletsa kuika kekeyo m'furiji, chifukwa fondant akachoka pozizira n'kukumana ndi mpweya wotentha amachita thukuta, utoto n'kuyamba kuchucha. Tinaisiya m'bokosi mwake kuchipinda chomwe sikufika dzuwa, miyendo ya tebulo titaiika m'timbale ta madzi poopa nyerere. Mpaka 3 koloko masana, nthawi yoyatsa makandulo, njovu inali gwa, osasintha.

Mkati mwake inali yofewa, ya vanila, yopanda fungo la mazira lija limavuta m'makeke ena. Mawa lake sinaume, tinamwera tiyi.

Zondidandaulitsa zilipo. Fondant anakhuthala kwambiri, makamaka pamakutu, ndipo shuga wake anapitirira muyeso kwa ana ang'ono. Ambiri ankamumatula n'kusiya pambali. Bokosi nalo linali lothina, moti nsonga ya mnyanga umodzi inafika itapindika, ngakhale azakhali ake a mwana anainyamula pamiyendo ulendo wonse mu minibasi. Ntchito yabwino chonchi imafunika bokosi lalikulu bwino. Komanso anachedwa kumaliza, azakhaliwo anadikira pakhomo nthawi ndithu, ine kuno mtima uli m'mwamba. Koma anapepesa mwaulemu ndipo anatiwonjezera makandulo.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa keke wamba yozungulira, koma ukaona ntchito yosema ndi kuumba, komanso mmene ufa, mazira ndi majarini zakwerera, sungati akubera. Amafuna theka la ndalama pa Airtel Money poyitanitsa, ndipo ndi bwino kuwauza kukadali sabata.

Mukamayitanitsa, muwapemphe achepetse fondant ndipo mufunsiretu za kukula kwa bokosi. Ife tidzabwereranso mu Juni, wamng'ono wathu akamadzakwanitsa zaka 2. Nthawi imeneyo kumakhala kozizirirako, ndiye ndikufuna tidzayese mvuu ya kirimu yekhayekha.