Gesiti, hositelo kapena tenti: kumene ndinkagona masabata 11 ndili paulendo

Patha mwezi chibwerereni ku ulendo wanga wa ku Tanzania, Kenya, Uganda ndi Rwanda, koma chikwama chija chikadali pakona, fumbi lofiira lili m'misoko. Usiku wa dzulo ndinavundukula kope limene ndinkalembamo ndalama iliyonse yotuluka m'thumba, ndipo nditawonkhetsa ndinapeza kuti malo ogona ndiwo anandidyera kwambiri, kuposa mabasi, kuposa chakudya. Nanunso mukandiona funso limakhala lomwelo: kodi masiku onsewo unkagona kuti? Ndinayesa njira zitatu: gesiti za anthu wamba, mahositelo a alendo obereka zikwama, ndi tenti imene ndinachita kunyamula kuchokera kuno.

Ndinatulukira pa Songwe. Ku Mbeya ndinakwera sitima ya TAZARA mpaka Dar es Salaam, n'kuwolokera ku Zanzibar pa boti, kenako Moshi, Nairobi kudzera pa Namanga, Jinja, Kampala, Kabale, Kigali, n'kubwereranso m'Tanzania pa Rusumo. Mwa mausiku 77, mausiku 47 ndinagona m'magesiti, 21 m'mahositelo, 5 mu tenti, ndipo 4 anandipeza pa mpando wa basi kapena m'sitima. Ndalama za mausiku 21 a hositelo zinatsala pang'ono kufanana ndi za mausiku 47 a gesiti.

Anzathu a ku Tanzania amati gesti, ife kuno tinganene kuti resitihausi. Imakhala kuseri kwa depoti kapena kwa msika. Ukalowa amakutulutsira buku la chikuto cholimba kuti ulembe dzina, nambala ya pasipoti, kumene wachokera, kumene ukupita, ndi mtundu wako womwe. Ku Mbeya ndinalemba kuti Mchewa, mayi a pa kauntala n'kuwerenga mokweza kawiri ngati akulawa ndiwo yachilendo. M'chipinda umapeza bedi, neti, kasopo kochepa ngati bisiketi, ndi patapata wosiyana mitundu, phazi lina wofiira lina wabuluu, kuti mlendo asamukonde n'kupita naye. Madzi otentha amabwera m'ndowa ukapempha.

Kutchipa kwake sikobisika. Ndalama imene ndinalipira bedi limodzi m'hositelo ya ku Stone Town ku Zanzibar, m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, ku Mbeya inandigoneka masiku atatu m'chipinda changa ndekha, kiyi ali m'thumba. Koma kwa ife a ku Malawi nkhani si mtengo wokha. Pagesiti umalipira mashilingi pamanja, ndipo ukati ukhala masiku angapo mumakambirana. Hositelo imawerengera mtengo m'madola, ndipo kawirikawiri imafuna usungitse malo pa intaneti ndi khadi. Amene munayesapo kupeza madola kubanki chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mukudziwa chimene ndikunena. Kwacha yathuyo ukangopitirira pa Kasumulu, tsidya la Tanzania la chipata cha Songwe, n'kulowa mkati, palibe amene amaiyang'ana kawiri.

Chinanso, mabasi a mtunda wautali amanyamuka m'bandakucha, ndipo gesiti imakhala pomwepo. Ku Moshi mnyamata wa pagesiti anandiuza kuti basi ya ku Nairobi inyamuka "saa kumi na mbili". Manambala a Chiswahili ndinali nditawaloweza, ndiye ndinati basi, 12 koloko masana, mawa ndigona mpaka dzuwa lilowe m'chipinda. Osadziwa kuti anzathuwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko yathu kwa iwo ndi ola loyamba, choncho ola la 12 ndi 6 koloko m'mawa. Hafu faifi ndinangomva chitseko gogogo, mnyamata uja akukuwa kuti bwana, basi ikusiyani. Ndinathamanga nsapato zili m'manja. Kuhositelo ndani akanandidzutsa? Nthawi imeneyo wa pa kauntala amakhala asanafike n'komwe.

Zoipa zake ziliponso, ndipo zimaluma. Pa tauni ina, ndikuchokera ku Rusumo, ndinafika usiku nditatopa n'kulipira ndisanaone chipinda. Nsikidzi za m'menemo zinandilandira ngati mkamwini wobwera ndi mbuzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayamba ndapempha kiyi, kutukula matiresi, kuunika m'misoko ndi tochi ya foni, kenako kuyesa ngati chitseko chimakhomeka mkati. Azichemwali oyenda nokha, ichi cha chitseko musachiphonye, ndipo gesiti yolumikizana ndi bala ipewe ndithu, chifukwa zipinda zina zimasintha alendo kangapo usiku umodzi ndipo sipika imalira mpaka tambala. Ku Kenya samalaninso ndi zikwangwani: kanyumba kolembedwa kuti hotel nthawi zambiri ndi kodyeramo chapati ndi tiyi, malo ogona amalemba lodging. Ku Nairobi ambiri otchipa ali cha ku River Road, kumene kulinso mabasi, koma si malo oyendako usiku chikwama chili kumsana ukuyang'ana m'mwamba.

Ndipo m'gesiti mumasungulumwitsa. Ukakhoma chitseko 8 koloko, watsala ndi khoma ndi foni. Sabata yachisanu ndinadzipeza ndikulankhula ndi nalimata wa padenga.

Apa ndi pamene hositelo imabwezera ndalama yake. Bedi lenilenilo ndi lachabechabe, losanjikizana ngati ku sekondale yogonera konko, ndipo nthawi zonse pamapezeka mmodzi woliza mkonono ndi wina wobwera 3 koloko n'kuyamba kusokosa ndi majumbo. Chimene umagula ndi anthu a pakhonde. Pa tebulo limodzi ku Kampala, mtsikana wina wochokera ku Kigali anandiuza zinthu zitatu zimene palibe wa pagesiti akanandiuza. Choyamba, Rwanda inaletsa majumbo a pulasitiki kuyambira 2008 ndipo pa chipata cha Gatuna, polowa kuchokera ku Uganda, amasecha chikwama. Chachiwiri, masoketi a kumeneko ndi a timabowo tiwiri tozungulira, pamene pulagi yathu ya mano atatu inkalowa bwinobwino ku Tanzania, Kenya ndi Uganda. Chachitatu, Loweruka lomaliza la mwezi kumakhala Umuganda, ntchito ya chitukuko ya anthu onse, ndipo m'mawa wonse mashopu amakhala otseka, magalimoto osayenda. Ndinali nditakonza zoyenda tsiku lomwelo. Ndinasintha tikiti, n'kugula kolumikizira pulagi ndisanachoke.

Hositelo imakhalanso ndi khitchini, Wi-Fi yogwira, ndi kabati yoti ukhome ndi loko wako n'kukayenda m'tauni manja ali lende. Ku Jinja ndinagula ufa, umene kumeneko amati posho, n'kuphika nsima yeniyeni ndi mazira. Anyamata awiri a ku Germany anaidya ndi foloko, ine ndikungoyang'ana kumbali.

Komabe pali zimene zinkandibaya. Kawiri konse mlendo mnzanga anandipatsa kiyi wa chipinda chake kapena kundifunsa kuti chakudya cham'mawa chituluka nthawi yanji, poganiza kuti ndimagwira ntchito pamalopo. Sanali anthu oipa, koma m'maganizo mwawo munthu wakuda wa pa hositelo ndi wantchito kapena woperekeza alendo. Ndinakumbuka mmene ifenso timawaonera akamatsika ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo ndinamvetsa kuti malo amenewa sanamangidwe akuganizira ine. Choopsa chachikulu ndi thumba. Anzako a patebulo akukambirana zokapalasa bwato m'mathithi a Nile, ena zokaona anyani akuluakulu aja a m'mapiri a ku Rwanda, kumene chilolezo cha mlendo wochokera kutali ndi madola 1,500, ndipo iwe umayamba kuona ngati botolo la mowa la madola atatu ndi lotchipa. Panja pa geti pomwepo pali mnyamata akukazinga rolex, chapati chokulungamo mazira, pa mtengo woti sungadandaule. Masabata amene ndinakhalitsa m'mahositelo, kope lija likuonetsa kuti ngakhale ndalama ya chakudya inkakwera.

Za tenti sindichulutsa. Ndinaibereka masiku 77 n'kugonamo 5: awiri pa kapinga wa hositelo ku Jinja, atatu m'mbali mwa nyanja ya Bunyonyi pafupi ndi Kabale. Kudzuka m'mawa nkhungu ili pa tizilumba kunali kokoma, sindikana. Koma nyanjayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, kuzizira kwake ngati Dedza mu June, ndipo ine ndinali ndi chitenje ndi juzi basi. Komanso sungangokhoma tenti paliponse m'dziko la eni. Umakhoma pa malo olipira, amene nthawi zambiri ndi bwalo la hositelo yomweyo, ndipo ndalama yake inkangofanana ndi chipinda cha gesiti. Phindu lake linali kulemetsa chikwama ndi kupatsa makondakitala chifukwa chondilipiritsa katundu.

Ndikanati ndibwerezenso, m'matauni ongodutsa ngati Mbeya, Kahama kapena Kabale ndikanagona m'gesiti osaganiza kawiri. M'mizinda ikuluikulu, Nairobi, Kampala ndi Dar es Salaam, ndikanayamba ndi mausiku awiri m'hositelo kuti ndidziwe kumene kuli chiyani, ndichape zovala, ndifunse amene achokera kumene ndikupita, kenako n'kusamukira kugesiti ndalama isanayambe kutha ngati madzi. Ku Zanzibar kokha sindinapeze njira yozembera, konse ndi kodula, ndiye ingochepetsani masiku. Amene simudziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chiswahili, phunzirani manambala ndi maola musanadalire gesiti, chifukwa ku Tanzania Chingerezi kawirikawiri chimathera pa geti la hositelo. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever lisachoke mu pasipoti: anandifunsa polowa m'Uganda, n'kundifunsanso pobwerera m'Tanzania.

Tenti ija ana a achemwali aikhoma kuseri kwa nyumba pansi pa mango, ndipo agonamo kale masiku ambiri kuposa ine.