Kiliniki ya ana inatithandiza pa vuto la kukuwa kutulo

Makolo anzanga amene mwana wanu amadzambatuka usiku nkumakuwa ngati waona chilombo, chonde pitani naye kwa adokotala a ana musanayambe kuloza anthu chala kuti akumutamba. Ife tinapita ku kiliniki ina ya pulayiveti kuno ku Zomba ndi mwana wathu wa zaka 4 ndipo sindikudandaula, ngakhale ndalama yoonana ndi dokotala ndiyokwera ndithu komanso pamzere tinakhalitsa.

Chinandisangalatsa nchoti sanathamangire kulemba mankhwala. Anamuyeza kaye malungo pachala poti kutentha thupi nakonso kumayambitsa zimenezi, atapeza kuti alibe anayamba kundifunsa, amakuwa nthawi yanji, m'mawa amakumbuka? Ndinawauza kuti amagona cha m'ma 7, ikamakwana 9 basi wakhala tsonga pabedi, maso tong'o, thukuta kamukamu, ukamugwira akukukankha ngati sakukudziwa, koma m'mawa akumwa phala bwinobwino osakumbuka kanthu. Adokotala anati: mayi, amenewa simaloto oipa ayi, maloto amabwera kum'bandakucha ndipo mwana amadzuka nkukufotokozerani. Izizi zimachitika ali m'tulo tofa nato, maola oyamba a usiku, ndiye olo maso atseguke mwanayo akadali m'tulo. Zimakonda ana a zaka 3 mpaka 8, nthawi zambiri ndi za kumtundu, ndipo zimatha zokha akamakula. Mtima wanga unakhala pansi pamenepo, chifukwa ndinali nditayamba kuopa khunyu.

Malangizo ake osavuta. Osamugwedeza, osamuthira madzi, kungokhala naye pafupi kuti asagwe kapena kudzikola mu neti mpaka zidutse, zimatenga mphindi zochepa chabe. Azigona msanga chifukwa kutopa kwambiri kumazibweretsa, komanso akodze asanagone. Zikamabwera nthawi yofanana, kumudzutsa pang'ono mphindi 15 isanakwane nthawiyo kwa sabata imodzi. Ichi ndichimene chatithandiza ife, pano zachepa kwambiri.

Anandichenjezanso kuti ngati thupi likuuma, akuphiriphitha, thovu kukamwa, kapena akuliza mkonono kwambiri mpaka kubanika, ndibwerere naye msangamsanga osadikira kuche. Zonsezi anandilembera m'buku lake la kuchipatala kuti ndikawaonetse bambo ake ndi agogo. Mukamapita lawirirani, ndipo ngati mungathe jambulani kavidiyo pafoni mwana akamakuwa, adokotala anati kamawathandiza kusiyanitsa ndi khunyu.