Chipata cha Mchinji ndi Mwami: kuima kamodzi kukuthandiza, koma mapepala akadali ambiri

Chipata choima kamodzi chimenechi, cha pa malire a Malawi ndi Zambia, anachitsegula a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema mu Disembala 2022, potengera chitsanzo cha Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, chomwe chinayamba mu 2009. Mumaima m'dziko lomwe mukulowa basi. Popita ku mzinda wa Chipata mumakaima ku Mwami, mbali ya Zambia, komwe wa imigireshoni wa Malawi amadinda chotulukira, wa Zambia n'kudinda cholowera m'nyumba yomweyo. Pobwerera zonse zimachitikira mbali ya Mchinji.

Kuti ofisala wa MRA agwire ntchito pa nthaka ya Zambia, panafunika mgwirizano wa maiko awiriwa ndi malamulo omulola kutero. Ena amaopa kuti kufewetsa malire kumatsegulira mbava, koma pano katundu amayang'anidwa ndi mbali zonse ziwiri pamalo amodzi, ndipo n'kovuta kuti munthu anene mtengo wina kwa MRA, wina kwa ZRA, bungwe la misonkho la Zambia. Pa chitetezo tikuchiyamikira kwambiri.

Woyenda pa basi ndi pasipoti amadutsa msanga, chifukwa Mmalawi safuna viza ku Zambia. Musanachoke pa windo werengani masiku omwe akupatsani, poti mukapitirira pali chindapusa. Wa galimoto yake ndiye amavutikabe. Pamafunika buku la galimoto, kalata ya mwini ngati si yanu, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, inshuwalansi monga Yellow Card ya COMESA (bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa), komanso msonkho wa utsi ndi wa msewu. Zolipira sizili pa windo limodzi, ndipo apa ndi pomwe madobadoba amadyera anthu. Lipirani nokha, mulandire lisiti. Netiweki ikagwa, ASYCUDA, dongosolo la pa kompyuta la kasitomu, imaima, mathiraki n'kupanga mzere.

Amayi a geni ambiri salidziwa dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono. Katundu wosapitirira madola 2,000, wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko awiriwa ndipo ali pa mndandanda womwe anagwirizana, salipira msonkho wa kasitomu, ngakhale misonkho ina monga VAT ingakhalepo. Zovala zochokera ku China sizilowa m'gulu limeneli. Wosadziwa izi amalowera njira za kutchire, komwe amakalandidwa katundu yemwe pa geti akanadutsa naye motchipa. Mukafika funsani desiki yothandiza amalonda musanadzaze fomu iliyonse.