Saluni ya madiredi ku Zomba: asisi sabisa mawu koma sanyoza

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5 asisi amene amapota madiredi chakumsika waukulu wa Zomba aja. Ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna kuti akamukonze sukulu isanatsegulire, kwathu ndife a Rasta ndiye lumo silidutsa pamutu pake.

Amene mukufuna kupitako dziwiranitu kuti asisiwa akaona chinthu amanena pompo. Ine ndimafuna amupote zothina kuti zikhalitse teremu yonse, iwo anangoti ayi mayi, mukathinitsa chonchi tsitsi la kutsogoloku liyamba kuthothoka mwana akadali wamng'ono, komanso mafuta olimba ambiri amangomata fumbi mkati. Anandionetsa pomwe mizu yayamba kupyapyala kenako n'kunena kuti mwana ndi wanu, sankhani nokha, ine ndapereka maganizo chabe. Kudzudzula kotereku ine ndimakulandira ndi manja awiri chifukwa munthu wagwira tsitsilo, waliyang'ana, ndipo akufuna likule bwino.

Kwina komwe tinapitako kale sizinali choncho. Mwana asanakhale n'komwe pansi wina wayamba kale zoti bwanji osangomumeta, wina akuseka kuti akulera wa chamba, mwana wa ku pulayimale zoona? Ukayankha akuti aaa ndi maganizo athu, tili ndi ufulu wolankhula. Ufuluwo ulipodi mu Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko, koma buku lomwelo Gawo 20 likuletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake, ndiye musamawerenge tsamba limodzi lokha lokukomerani. Amenewo sakamba za tsitsi ayi, akumuuza mwana kuti anthu a mtundu wake sakufunika pamalopo, ndipo mwana amamva, amafika kunyumba ali duu osafuna ndi nsima yomwe.

Zimandikhudza kwambiri chifukwa ana a Rasta akhala akubwezedwa pageti m'sukulu za boma zaka zambirimbiri, mpaka mu May 2023 pomwe Justice Zione Ntaba ku High Court konkuno ku Zomba anagamula kuti kuwakaniza sukulu chifukwa cha madiredi ndi kuphwanya malamulo. Maganizo ometa anthu mokakamizawa ndi otsalira a nthawi ya Kamuzu, paja mwamuna wa tsitsi lalitali amatha kumangidwa, azimayi nawo thalauzi inali yoletsedwa ndi lamulo la 1973 mpaka linachotsedwa mu 1993.

Tikabwerera kwa asisi aja, ntchito yawo ndi yaukhondo, matawulo ochapa bwino, dzanja lofewa moti mwana sanalire, ndipo amacheza naye za mpira ngati mwana wina aliyense. Mtengo ndi wokwererapo kusiyana ndi kwina koma sindikudandaula. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa alibe jenereta, magetsi atazima dryer inaima tinadikira nthawi yaitali mutu uli wonyowa. Pitani m'mamawa ndipo muyambe mwaimba foni, Loweruka kumadzaza heve.