Signal: chitseko chomwe maboma amafuna makiyi ake

Patha zaka ziwiri tsopano ndikugwiritsa ntchito Signal, pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga ndi kuimbirana, ndipo wina akandifunsa ngati ndi yabwino ndimavomera mosajejema, ngakhale kuti m'maonekedwe ilibe zokometsera zoti n'kukopa munthu. Chandikhalitsa nayo ndi momwe inapangidwira: uthenga umakhomedwa pafoni ya wotumiza n'kukatsegulidwa pafoni ya wolandira basi, moti ngakhale eni pulogalamuyi sangathe kuuwerenga ukamadutsa m'makompyuta awo. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo ili m'manja mwa Signal Foundation, bungwe losafuna phindu lomwe Moxie Marlinspike ndi Brian Acton anakhazikitsa mu 2018, Acton ataikamo madola a ku America 50 miliyoni.

Kuiika pafoni sikuvuta. Umalemba nambala yako, umalandira manambala otsimikizira pa SMS, kenako umasankha PIN, yomwe ukhoza kuitchera kuti iletse wina kulembetsa nambala yakoyo pafoni ina. Mawu amamveka bwino poimbirana, gulu limodzi limalola anthu mpaka 1,000, ndipo ukhoza kuitchera kuti mauthenga azifufutika okha pakapita nthawi yomwe wasankha. Chomwe chinandigometsa kwambiri ndi nambala yachitetezo, ya manambala 60, yomwe anthu awiri olemberana amakhala nayo yofanana. Tsiku lina tinakhala pansi ndi alamu anga, mafoni tinawayandikizitsa, ine n'kujambula kachizindikiro ka QR komwe kanali pafoni yawo, ndipo pulogalamu inatsimikiza kuti palibe wachitatu wobisala pakati pathu.

Mkangano wathu unayambira pomwepo. Iwo anabweza foni m'thumba n'kundifunsa kuti, “Koma alamu, munthu wopanda mlandu amabisa chiyani?” Anati boma lilipo kuti litchinjirize anthu, ndipo apolisi akamalephera kuona zomwe akuba a pafoni, zigawenga ndi ogwirira ana akulemberana, wovutika ndi munthu wamba yemwe alibe mlonda wina kupatula boma lomwelo. Funsoli sindinalipeputse ndipo mpaka lero sindilipeputsa, chifukwa ufulu wa munthu yemwe waberedwa ndalama zake zonse, kapena wa mwana yemwe wachitidwa nkhanza, ndi ufulunso, ndipo pulogalamu ya pafoni singamange wolakwa kapena kumuimika pa khoti.

Mbiri ya Signal yeniyeniyo ndi imene imandiletsa kugwera mbali imodzi. Mu 2016 ofufuza milandu a boma la America, kudzera ku khoti la m'chigawo cha Virginia, analamula eni pulogalamuyi kuti apereke zonse zomwe anali nazo zokhudza nambala ziwiri za foni, n'kuwaletsanso kuuza aliyense za lamulolo. Zomwe zinapezeka zinali ziwiri zokha, tsiku lomwe munthu analembetsa ndi tsiku lomaliza lomwe foni yake inalumikizana ndi makompyuta awo. Panalibe mauthenga, panalibe mayina a anthu omwe ankalemberana naye. Kwa ine uwu ndi umboni woposa malonjezo onse omwe makampani amalemba, pakuti sungapereke chomwe sunasunge. Komatu nkhaniyi tikuidziwa chifukwa bungwe la ACLU, lomenyera ufulu wa anthu ku America, linatsutsa chiletsocho pogwiritsa ntchito malamulo a dziko lomwelo, mpaka zikalata zinatulutsidwa poyera mu Okutobala chaka chomwecho. Dzanja lomwe linafuna kutseka pakamwa linali la boma, ndipo malamulo omwe anatsegula pakamwapo analinso a boma.

Zosokoneza mutu sizithera pamenepo. Zina mwa ndalama zomwe zinathandiza kupanga njira yokhomera mauthengayi m'zaka zoyambirira zinachokera ku Open Technology Fund, thumba lomwe linkalandira ndalama ku boma la America, ndipo njira yomweyo ndi imene WhatsApp inamaliza kuika pa mauthenga ake onse mu 2016. Mu 2020 European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, inalangiza antchito ake kuti azigwiritsa ntchito Signal, ndipo mu Malichi 2025 dziko lonse linadziwa kuti akuluakulu a boma la America ankakambirana pa Signal zokaphulitsa mabomba ku Yemen, atalowetsa mwangozi mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg, m'gulu lawo. Zikuoneka kuti olamulira amachikonda chinsinsi chikakhala chawo. Maiko ena sanataye nthawi ndi zokambirana: Iran ndi China anaitseka mu 2021, Russia mu Ogasiti 2024.

Mkangano wovuta kwambiri uli m'maiko a demokalase, komwe opanga malamulo amabwera ndi zifukwa zomveka. Ku Britain, lamulo la Online Safety Act la 2023 linapatsa Ofcom, bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga m'dzikolo, mphamvu zolamula makampani kuti azifufuza zithunzi zozunza ana m'mauthenga, ndipo mtsogoleri wa Signal, Meredith Whittaker, ananena poyera kuti kuli bwino achokemo m'dzikolo kusiyana ndi kufooketsa loko wawo. Boma linati mphamvuzo sizigwiritsidwa ntchito mpaka luso lochitira zimenezo litapezeka, koma silinazichotse m'lamulo, ndipo mu Febuluwale 2025 kampani ya Apple inasiya kupereka kwa anthu a m'dzikolo chitetezo chake cha Advanced Data Protection, chokhomera zomwe anthu amasunga m'makompyuta ake, boma litailamula kudzera m'lamulo lina kuti itsegule njira yolowera. Apa mpamene ndimasiyana ndi alamu anga. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake pano ndi mauthenga a dokotala ndi wodwala, a loya ndi womangidwa, a mtolankhani ndi womutsina khutu. Makiyi apadera opangira apolisi oona mtima sadziwa kusankha dzanja: amatsegulanso m'manja mwa wakuba, mwa kazitape wa dziko lina, kapena mwa boma lotsatira lomwe silinalonjeze kanthu kwa aliyense. Zomwe Edward Snowden, yemwe ankagwirira ntchito bungwe la ukazitape la America, anaulula mu 2013 zinaonetsa kuti mphamvu yomvetsera ikangopezeka siima pa oganiziridwa mlandu okha.

Zofooka zilipo ndipo wogwiritsa ntchito azidziwiretu. Kulembetsa kumafunabe nambala ya foni, ndipo m'maiko ambiri nambala imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, choncho Signal imabisa zomwe ukunena osati kuti ndiwe yani, ngakhale kuti kuyambira mu 2024 ukhoza kupatsa anthu dzina lolowera m'malo mwa nambala. Foni ikalandidwa ili yotsegula, kapena ikalowetsedwa pulogalamu yaukazitape ngati Pegasus, loko yense amakhala wopanda ntchito, chifukwa uthenga umawerengedwa pomwe watsegulidwa kale. Vuto la tsiku ndi tsiku ndi lakuti anthu ake ndi ochepa poyerekeza ndi a WhatsApp, moti ine ndimasunga zonse ziwiri, ndipo pa abale ndi anzanga omwe ndinawakopa, otsalirapo sakwana khumi.

Kwa mtolankhani, loya, wogwira ntchito zachipatala kapena aliyense wosunga zinsinsi za anthu ena, ndikuiyamikira ndi mtima wonse, bola atchere PIN, ayatse kufufutika kwa mauthenga, ndipo aone kawiri mayina a anthu asanawalowetse m'gulu. Alamu anga sanaichotse pafoni yawo, koma maganizo awo sanasinthe, ndipo sabata yatha ananditumizira, pa Signal pomwepo, nkhani ya gulu la akuba lomwe apolisi analigwira atatsegula mafoni awo.