Miyezi 8 chikonzereni nyali ya buleki pa Honda CG125 yanga

Njinga yamoto yanga ndi Honda CG125 ya 1981, imene malume ankayendera ali mlangizi wa zaulimi. Magetsi ake ndi a 6 volts, osati 12 ngati njinga za anyamata a kabaza masiku ano. Injini sinandivutepo. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi nyali ya buleki, imene inkati lero yayaka, mawa yakana. Tsiku lina chakumadzulo pa M1, cha ku Linthipe, ndinaponda buleki kupewa mbuzi, ndipo minibasi inatsala pang'ono kundikwera. Dalaivala anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Achimwene, kumbuyoko kulibe moto!" Sabata yomweyo, mu Seputembala, ndinayamba kumasula. Tsopano dzinja lonse ladutsa, ndipo ndaona chimene chapirira ndi chimene chagonja.

Ndinayambira pa babu. Mkati mwake muli timawaya tiwiri, ka 5 watts koyaka usiku ndi ka 21 watts ka buleki. Samalani pogula, chifukwa babu ya 12 volts imalowa bwinobwino pamalo pomwepo koma imangofiira ngati khala. Ya 6 volts imene ndinapeza inapsa pasanathe mwezi. Mlandu unali wa batire lotha. Pa njinga zakalezi batire ndi limene limameza moto wopyola muyezo, choncho likafooka, ukangokoka mafuta mababu amapsa. Nditaika batire latsopano, babu yachiwiri ilipobe mpaka lero.

Swichi ya buleki ya kumbuyo ndiyo inandikhumudwitsa. Ndinachotsa yakale n'kuika yotchipa ya pamsika. Inagwira miyezi itatu. Mvula ya Disembala itayamba, madzi ndi matope zinalowa mkati, kachitsulo kokokedwa ndi sipuling'i kanakanirira panja, nyali n'kumangoyaka ulendo wonse ine osadziwa, mpaka batire linaphwa. Nyali yosathima ndi yoopsa chimodzimodzi ndi yosayaka, poti wakumbuyo sadziwa nthawi imene waponda. Mwamwayi yakale ija sindinataye. Ndinaitsuka, ndinaigulira sipuling'i ina, ndipo ndi imene ikugwira ntchito. Poitchuna mumapotokola nati yokha, swichi mutaigwira kuti isazungulire, apo ayi mawaya amapotana n'kuduka. Nyali iziyaka buleki isanayambe kuluma. Mukakunga tcheni kapena kutchuna buleki, muionenso, chifukwa mtunda umene chopondera chimatsika umakhala wasintha.

Koma muzu wa vuto sunali babu kapena swichi. Anauona ndi amakaniko ena achikulire a ku Dedza, amene anandiuza kuti ndilize injini, ndiyatse magetsi, kenaka ndiponde buleki iwo ataima kumbuyo. M'malo mowala kwambiri, nyali inachita kuzilala. "Earth imeneyo, mwanangu," anatero. Moto wa buleki unkasowa njira yobwerera, imene amaitcha earth, ndiye unkazembera kudzera m'kawaya ka usiku kaja. Pa Honda mitundu ya mawaya sisokoneza: wakuda umabweretsa moto kiyi akatsegulidwa, wobiriwira wa mzere wachikasu ndi wa buleki, wabulawuni ndi wa nyali ya usiku, ndipo wobiriwira yekhayekha ndiye earth. Titachotsa mpando tinapeza polumikizira waya wobiriwirayo pali unga woyera, ndipo nditangoukoka pang'ono unatsalira m'manja. Chogwirira babu nacho chinali chitadyedwa ndi dzimbiri. Tinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, tinakoka waya watsopano kuchokera pa chogwiriracho kukafika pa bawuti ya felemu, n'kupakapo girizi. Waya wake ndi wosakwana mita imodzi. Wadutsa m'matope a Januwale ndi m'mabampu a msewu wa kumudzi kwathu, koma nyali ya buleki sinaphethirepo ngakhale kamodzi.

Mu Febuluwale ndinayesako babu ya LED ya 6 volts. Mbali ya buleki inandisangalatsa, chifukwa inkawala kwambiri ngakhale injini ikulira pang'onopang'ono. Ya usiku ndiyo inkaphethiraphethira ndikaima, poti pa njinga yangayi nyali imeneyo imalandira moto wa AC (wosinthasintha kolowera) kuchokera ku magineto, chipangizo chopanga magetsi pa injini, osadzera ku batire. Patatha masabata awiri ndinabwezerapo babu wamba. Amene njinga yake nyali zonse zimadya ku batire, LED ingamuthandize.

Chatsala ndi labala ya m'mphepete mwa galasi lofiira, imene inauma n'kung'aluka. Mvula ikagwa ndimapeza timadontho mkati, ndipo dzimbiri layambanso kuonekera pansi pa chogwirira babu. Ndadula labala ya chubu chakale kuti itseke kaye pamene ndikufunafuna yeniyeni. M'mawa uliwonse ndisanatuluke, ndimabwezera njinga chafutambuyo kufupi ndi khoma la khitchini, kutsegula kiyi, kuponda buleki, n'kucheuka kuti ndione ngati khomalo lafiira.