PuckPedia, komwe ma trade a NHL amayamba kumveka

Kwa amene mwayamba kutsatira hoki ya NHL, ligi yaikulu ya ku America ndi Canada, ndipo ma trade, kusinthana osewera kwa ma timu, akukuzunguzani mutu, PuckPedia muziitsegula pafupipafupi. Ndi webusaiti yaulere ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukuonetsani kuti timu ikulipira zingati wosewera aliyense komanso yatsala ndi mpata wanji pansi pa salary cap, aja malire a ndalama omwe ligi inaika mu 2005. Kuno si ngati ku mpira wa miyendo koti bwana angotulutsa cheke nkugula amene wamufuna, ayi ndithu, ma timu amasinthana osewera ndi ma draft pick, mwayi wosankha osewera atsopano pa chisankho cha chaka ndi chaka, ndipo onse malire awo ndi amodzi, mu 2024-25 anali madola 88 miliyoni.

Tengani nkhani ya Timothy Liljegren. Mnyamata waku Sweden ameneyu Toronto Maple Leafs inamusankha pa nambala 17 mu 2017, koma atabwera kochi Craig Berube anayamba kungokhala panja osavala nkomwe jezi, chonsecho akudya madola 3 miliyoni pa chaka. Kumapeto kwa October 2024 anamutumiza ku San Jose Sharks, Leafs nkulandira Matt Benning ndi ma pick awiri, wa round 3 ndi wa round 6. Ukangoona mainawo ungati Leafs yaluza, eti difenda wachinyamata kumusinthanitsa ndi wamkulu woti sangalowenso mu ma difenda 6 osewera pa gemu, koma ukatsegula peji ya timuyo umaona kuti Benning anali pa 1.25 miliyoni basi, ndiye pomwepo patsala 1.75 miliyoni, ndiponso munthu wa malipiro ochepa chonchi ukamutsitsira ku AHL, ligi yapansi pa NHL, ndalama zofika 1.15 miliyoni sizinkawerengedwanso pa cap mu 2024-25. Wa 3 miliyoni uja ukamutsitsa, zambiri zimakutsatirabe, komanso amayenera kudutsa kaye pa waivers pomwe timu ina ingathe kumutenga ulele. Ndiye kuti Leafs sikuti imafuna Benning kwenikweni, imafuna mpata.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi PuckGM, pamene umakhala ngati ndiwe manijala, kuchotsa uyu kulowetsa uyo nkuona ngati masamu akutheka. Yesani kuikamo kuti timu yakale ipitirize kulipira gawo la malipiro a wosewera amene yamutumiza kwina, lamulo limalola mpaka theka komanso makontilakiti atatu okha pa timu, muona msanga chifukwa chake ma timu amaumira nazo. Amalembanso dzina la agent wa wosewera, ena izi amazikonda, ine sindiziyang'ana kwenikweni.

Koma musayembekeze kuti manambalawa akuuzani ngati difenda ndi wabwino pa ayezi kapena ayi, izo muonere gemu nokha. Ndipo ngati mawu ngati LTIR (mndandanda wa ovulala kwa nthawi yaitali) ndi NMC (mfundo ya mu kontilakiti yoti wosewera asasamutsidwe popanda kuvomera) simunawazolowere, masiku oyamba muvutika pang'ono. Anthu akale amadandaulabe CapFriendly, webusaiti ina yonga iyi, yomwe timu ya Washington Capitals inagula mu 2024 nkuitseka kwa anthu wamba, chabwino tamva, koma zomwe wokonda hoki amafuna zilipo pano.

Cap ya 2025-26 inakwera kufika 95.5 miliyoni, ndiye ine ndikuona ngati difenda wa 3 miliyoni wokhala pa benchi saziwawanso ngati mmene ankawawira muja, ngakhale ma agent nawo akweza mitengo, dikirani muone.